Mawu Makumi Anayi

Anandipatsa sabata imodzi.
Lemba mbiri ya mabwana anayiwa, anatero,
aliyense mawu makumi anayi, osapitirira,
tipachike pansi pa zithunzi zawo polandirira alendo.
Kunja, ndege zotera ku Bayan Lepas
zinkanjenjemeretsa mawindo a fakitale
momwe timapanga timachubu tolowa m'mitsempha ya odwala.

Ndinayamba ndi a Ooi Kean Huat, eni kampani.
Papepala: injiniya, madigiri awiri.
Iwo anakoka dirowa
n'kutulutsa kagalasi kovala diso limodzi, kosupuka utoto.
Bambo anga ankakonza mawotchi ku George Town,
pansi pa masitepe a sitolo ya eni.
Kasikuluwu kakagwa, wokwawa ndinali ine,
mphuno m'fumbi, mpweya nditaugwira.
Ndinaphunzira pomwepo kuopa tinthu tating'ono.
Kenaka anatseka dirowa.
Izo usalembe. Lemba madigiriwo.

A Rosnani Halim amatsogolera ojambula mapulani.
Sanandipatse mpando, anandipatsa kachubu.
Pinda, anatero. Ndinapinda. Sikanatsekeke.
Zaka khumi ndi chimodzi ndinali namwino ku Alor Setar,
wadi ya ana, usiku.
Mwana akatembenuka kutulo, chubu chinkapindika,
mankhwala n'kuima osauza munthu.
Ndinkamata ndi pulasitala, ndinkachirikiza ndi kamtengo koyezera pakhosi.
Usiku wina ndinafika mochedwa pabedi lachisanu ndi chiwiri.
Anakhala chete.
Makina oziziritsa mpweya okha ndiwo ankalankhula.
Ndinabwerera kusukulu ndili ndi imvi zitatu, anamaliza,
anzanga m'kalasi ankandiyesa mayi wa wina.

A Selvarajoo ndinawapeza kuseri kwa galasi,
atavala zoyera mpaka nsidze.
Anakulira kumunda wa labala, amayi awo akucheka makungwa mbandakucha.
Muno analowa ndi chokolopera.
Lero anthu mazana atatu sayatsa makina iwo asanasaine.
Amati labala wopsa amamumva fungo
makina oyezera asanalire.
Sukulu? ndinafunsa.
Anaseka m'kati mwa chophimba kukamwa,
maso okha ndiwo anandiuza.

Otsala anali a Khoo Bee Suan, a zandalama.
Ine ndilibe nkhani yomvetsa chisoni, anatero, akusenda lalanje.
Ndinachoka kubanki chifukwa kuno malipiro ngabwino.
Ndinatseka kope.
Koma chaka chija cha mvula yosakata,
katundu ali kale padoko la Butterworth,
Selva anapeza kamng'alu pa kachubu kamodzi.
Kamodzi, pa zikwi zisanu ndi chimodzi.
Ndinamenya tebulo: tumizani, tigwa!
Anandikanira atatu onse.
Makontena anabwerera, bonasi inapita ndi mvula,
ndinakhala miyezi iwiri osadya nawo nkhomaliro.
Anandigawira lalanje.
Mpaka lero sindikudziwa ngati tikanapha munthu.
Chomwe ndikudziwa, usiku ndimagona.

Lachisanu ndinapereka ntchito.
Mawu makumi anayi, makumi anayi, onse osalala
ngati pansi pa chipinda chosalowa fumbi:
luso, ukadaulo, masomphenya.
A Selvarajoo anga anathera pa makumi awiri ndi asanu ndi atatu,
ndinachita kuwonjezera mawu oti "wodzipereka" kawiri.
Alendo ochokera ku Osaka amaima, amawerenga, amagwedeza mitu,
n'kupita kukamwa tiyi.

Zotsalazo zili m'kope langa lobiriwira,
pakati pa malisiti a basi:
fumbi la pansi pa masitepe,
bedi lachisanu ndi chiwiri,
makoko a lalanje.
Dzulo mlongo wanga anagonekedwa ku Seberang Jaya.
Ndinayang'ana kachubu kolowa padzanja lake,
ndinazindikira kamzere kabuluu ka kwathu kuntchito.
Anatembenuka kutulo, kachubu n'kupindika.
Ndinaimirira.
Madontho anapitiriza kudontha.